Kulowetsa Cikalata Conse ca PDF m'Pulogalamu Yosanthulira Mau: Zimene Wofufuza Cinyanja Ayenera Kudziwa

1.0 Ciyambi

Masiku ano wophunzira akafuna kufufuza aneni a Cinyanja, kapena mphunzitsi akafuna kudziwa mau amene amapezeka kawirikawiri m'mabuku a ana a Giredi 2, sayambanso ndi kukopera ziganizo pa timakadi monga momwe aphunzitsi athu anali kucitira. Amatenga buku limene lili kale pa kompyuta, nalilowetsa lonse m'pulogalamu yowerengera mau, ndipo posakhalitsa amalandira mndandanda wa mau onse a m'bukumo, liu lililonse ndi nambala yake. Mabuku ambiri otere, pamodzi ndi manyuzipepala, malipoti a boma ndi zolemba za ophunzira a pa yunivesite, amafika kwa ife ali mu mtundu wa fayilo wochedwa PDF.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza zimene zimacitika pamene cikalata ca PDF cilowetsedwa conse m'pulogalamu yotere. Mfundo yathu ndi imodzi. Pulogalamu imalandira cikalata mosadandaula ndipo imapereka manambala ooneka ngati oona, koma zimene yawerenga si nthawi zonse zimene diso la munthu likuona pa tsamba. Kusiyana kumeneku kumakula kwambiri pa Cinyanja kuposa pa Cingerezi, ndipo ali ndi mphamvu yokuzindikira ndi munthu wodziwa cinenero, osati katswiri wa makompyuta. Tiyamba ndi kunena cifukwa cake timawerenga mau. Kenaka tiona m'kati mwa PDF, njira zolowetsera, mavuto amene amabuka, ndi ndondomeko imene tikuganiza kuti ingatsatidwe.

2.0 Nkhokwe ya Mau

Kusonkhanitsa zolembedwa zambiri kuti cinenero cifufuzidwe kucokera pa zimene eni ake alembadi si nzeru ya dzulodzuloli. Gulu lotere la zolembedwa tilichula m'nkhani ino kuti nkhokwe ya mau. Nkhokwe yochuka yoyambirira ya pa kompyuta inakonzedwa pa Brown University ku America ndi W. Nelson Francis ndi Henry Kučera, ndipo inali ndi mau pafupifupi 1,000,000 otengedwa m'zigawo 500 za zolembedwa za Cingerezi zosindikizidwa m'caka ca 1961. Dikishonale ya COBUILD, imene John Sinclair anaitsogolera ku Birmingham, inatuluka mu 1987 itakhazikika pa nkhokwe yotere. Kwa anansi athu, gulu la ALLEX pa University of Zimbabwe, lotsogoleredwa ndi Herbert Chimhundu, linasonkhanitsa nkhokwe ya Cishona ndi kutulutsa Duramazwi reChiShona mu 1996.

Nkhokwe imathandiza m'njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi mndandanda wa mau monga mwa kuculuka kwao, umene umauza wolemba dikishonale kapena wolemba buku la ana mau oyenera kuyamba nao. Yaciwiri ndi konkodansi, imene abusa anaidziwa kale pa mabuku a Baibulo: liu limodzi limaonetsedwa m'malo onse amene lapezeka, pamodzi ndi mau oyandikana nalo. Popeza kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu, mndandanda sungasiyanitse mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika; konkodansi ndiyo imatilola kutero.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kukumbukira pa nkhokwe ya ku Brown. Mau ake anataipidwa ndi anthu, ndipo wotaipa aliyense anali wowerenga: ankadziwa kuti nambala ya tsamba si mbali ya ciganizo, ndi kuti liu lodulidwa kumapeto kwa mzere ndi liu limodzi. Lero nchito imeneyo taipereka kwa makina, koma nzeru ya wowerenga uja sitinaipereke nayo pamodzi.

3.0 M'kati mwa PDF

Mtundu wa fayilo wa PDF unatulutsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1993, kucokera ku ganizo la John Warnock limene iye analicha Camelot. Mu 2008 unalandiridwa kukhala muyezo wa dziko lonse wochedwa ISO 32000-1. Colinga cake kuyambira paciyambi cinali cakuti tsamba lioneke cimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa makina osindikizira alionse. Kusunga mau kuti ena adzawasanthule sikunali colinga.

Motero m'kati mwa PDF simuli mau, ziganizo kapena ndime monga momwe ife timazidziwira. Muli malangizo onena kuti: tenga cithunzi cakuti ca cilembo m'fonti yakuti, uciike pa malo akuti. Malowo amayezedwa ndi timiyezo timene 72 timapanga inci imodzi, kotero kuti tsamba la A4 lili ndi timiyezo pafupifupi 595 m'lifupi ndi 842 m'litali. Tingaifanizire ndi munthu woyala zilembo za mtovu m'nyumba zosindikizira za kale, amene ankatha kuyala tsamba lokongola m'cinenero cimene iye sanali kucimva. Kawirikawiri ngakhale mpata wa pakati pa mau susungidwa ngati cizindikiro; cilembo cotsatira cimangoikidwa patali pang'ono. Pulogalamu yotulutsa mau iyenera kupenekera yokha kuti mpata waukulu cakuti ndiwo malire a liu, ndi kuti mzere wakuti umatsatira mzere wakuti. Iyeneranso kudalira kamndandanda kobisika m'fonti, kochedwa ToUnicode, kamene kamanena kuti cithunzi cakuti cikuimira cilembo cakuti. Kamndandandako kakasowa kapena kakalakwika, tsamba limaonekabe bwino, koma zotuluka zimakhala zosawerengeka. Kucokera mu 2001 kwakhala kotheka kuika m'PDF zizindikiro zoonetsa mitu ndi ndime, koma zikalata zambiri zimene timakumana nazo zilibe zimenezi.

Zikalata za PDF tingazigawe m'magulu atatu. Loyamba ndi la zimene zinalembedwa pa kompyuta ndi kusandutsidwa PDF mwacindunji. Izi zili ndi zilembo zenizeni. Laciwiri ndi la mabuku ojambulidwa ndi sikana, m'mene tsamba lililonse ndi cithunzi cabe, ndipo pulogalamu yowerengera mau sipezamo kanthu. Lacitatu, limene ndi loopsa koposa, ndi la zithunzi zimene kuseri kwake kuli mau obisika amene makina ena anawerenga kale. Wofufuza amaona tsamba lenileni la buku, koma pulogalamu imawerenga mau obisikawo, amene mwina palibe munthu anawaonapo. Njira yapafupi yodziwira gulu la cikalata ndi kusankha ndime imodzi, kuikopera, ndi kuimata m'pulogalamu yolembera mau wamba monga Notepad. Zimene zatuluka pamenepo ndizo zimene zidzawerengedwa.

4.0 Njira Zolowetsera

Mapulogalamu ena amalandira PDF yonse nthawi imodzi. NVivo, ATLAS.ti ndi MAXQDA, amene amagwiritsidwa nchito posanthula zokambirana ndi zikalata, amaonetsa tsamba monga momwe liliri, ndipo izi zimakondweretsa wofufuza. Komabe akafunsidwa kuwerenga mau, amawerenga zilembo za m'kati zija. Cida ca Power Query, cimene cili mu Excel ndi mu Power BI, cikatsegula PDF cimaonetsa mndandanda wa matebulo ndi wa masamba amene capeza, ndipo wofuna cikalata conse amasankha masamba onse ndi kuwalumikiza. Koma popeza cida cimeneci cinapangidwira manambala, cimadula mau ndi kuwaika m'timabokosi, kotero cimayenera ziwerengero za kalembera koposa nthano.

Njira ina ndi ya masitepe awiri: kutulutsa mau poyamba, kenaka kuwalowetsa m'pulogalamu yosanthulira. Pulogalamu yaulere ya pdftotext imasandutsa PDF kukhala fayilo ya mau wamba, ndipo imaika kacizindikiro kumapeto kwa tsamba lililonse, kotero kuti malire a masamba satayika. Inzake ya pdffonts imaonetsa mafonti onse a m'cikalata ndi kunena ngati ali nako kamndandanda ka ToUnicode kaja. Ogwiritsa nchito cinenero ca kompyuta ca R ali ndi pdftools, imene lamulo lake la pdf_text limapereka mau a tsamba lililonse paokha; ogwiritsa nchito Python ali ndi pdfminer.six ndi PyMuPDF. Kwa amene safuna kulemba malamulo, Laurence Anthony wa pa Waseda University ku Japan anakonza AntFileConverter yosandutsira PDF, ndi AntConc yopangira mindandanda ndi makonkodansi, zonse zaulere.

Ife tikulimbikitsa njira yaciwiriyi, cifukwa pakati pa masitepe awiriwo pali fayilo imene munthu angaitsegule, kuiwerenga ndi kuikonza. Pa njira yoyamba mpata wotere palibe.

5.0 Mavuto Ocokera pa Kayalidwe ka Tsamba

Mavuto ena amagwera cinenero ciliconse. Mutu wa buku wobwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse umawerengedwa ngati mau a wolemba. M'buku la masamba 120, liu la m'mutuwo limapindula maulendo 120 amene silinawagwirire nchito. Ife tomwe tinalowetsapo buku lina la sukulu osalikonza, ndipo liu lakuti phunziro linakwera pafupi ndi kuti ndi ndi, cifukwa cabe cakuti linali pamwamba pa masamba onse. Manambala a masamba ndi mau a m'munsi amalowerera pakati pa ciganizo cimene cayamba pa tsamba lina ndi kuthera pa linzake. M'nyuzipepala yoyalidwa m'madanga, monga Tsopano imene Zambia Information Services inkafalitsa m'Cinyanja, pulogalamu ingawerenge modutsa, mzere woyamba wa danga loyamba ndi kuulumikiza ku mzere woyamba wa danga laciwiri. Mndandanda wa mau suonongeka kwenikweni ndi zimenezi, koma konkodansi imasanduka bodza, popeza imaonetsa ngati oyandikana mau amene sanakhalepo m'ciganizo cimodzi. Zolemba za akatswiri a zinenero zili ndi vuto lao: zitsanzo zimene pansi pa liu lililonse pali kumasulira kwake zimasokonekera, ndipo Cinyanja ndi Cingerezi zimasakanikirana mu mzere umodzi.

6.0 Mavuto Okhudza Cinyanja

6.1 Nkhodolero

Kacizindikiro ka m'mwamba ('), kamene mabuku ena a galamala amakacha nkhodolero, kali ndi nchito ziwiri m'Cinyanja. Mu ng' ndi mbali ya cilembo, pamene mu m'mudzi kakuonetsa kuti mu wafupikitsidwa. Mapulogalamu ambiri, kuphatikizapo AntConc ngati sinauzidwe mwina, amaona kacizindikiroka ngati malire a liu. Taonani zitsanzo izi:

(1) a. ng'ombe > ng + ombe
b. pang'ono > pang + ono
c. m'mudzi > m + mudzi

Kugawa kwa (1c) wofufuza wina angakufune, koma kwa (1a) ndi (1b) kumabala mau amene kulibe m'cinenero. Kucotseratu kacizindikiroka nakonso si mankhwala, cifukwa ng'oma yoimba imasanduka ngoma, nyama ya m'chire. Kuwonjezera apo, zimene diso limaona ngati nkhodolero imodzi, kwa kompyuta zingakhale zizindikiro zitatu zosiyana, zimene m'dongosolo la Unicode zili ndi manambala U+0027, U+2019 ndi U+02BC. Liu lakuti ng'ombe likalembedwa ndi ziwiri za izo m'buku limodzi, limawerengedwa ngati mau awiri. Tiyenera kuzisandutsa zonse kukhala cimodzi, ndi kuuza pulogalamu kuti cimeneco cikhale m'gulu la zilembo.

6.2 Zilembo Zomatana

Osindikiza mabuku amakonda kumata f ndi i kukhala cithunzi cimodzi kuti tsamba likongole. Fonti ikalephera kunena kuti cithunzico ndi zilembo ziwiri, zonse ziwiri zimatayika potulutsa mau:

(2) a. fisi > si
b. ufiti > uti
c. kufika > kuka

Coopsa pa zitsanzo izi ndi cakuti zotsalazo ndi mau enieni a Cinyanja. Wofufuza za kakanidwe ka ziganizo angapeze si wambiri m'buku la nthano, osadziwa kuti ena mwa iwo ndi afisi oduka mitu. Palibe pulogalamu imene ingamucenjeze. Cofunika ndi kufunafuna fi m'fayilo yotulukayo: ngati m'buku lonse la Cinyanja mulibe kufika ngakhale kamodzi, zilembozo zatayika.

6.3 Cilembo ca ŵ

Mabuku ambiri a Cinyanja, akale ndi ena atsopano, ali ndi cilembo ca ŵ m'mau monga kudziŵa ndi Malaŵi. Mu Unicode cilembo cimeneci ndi U+0175, ndipo cimapezekanso m'cinenero ca ku Wales. Koma cingasungidwenso ngati zizindikiro ziwiri, w ndi kadenga kake U+0302, ndipo ngakhale maonekedwe ndi amodzi, kufunafuna mtundu umodzi sikupeza winawo. Unicode isanafale, osindikiza ena ankapanga mafonti aoao m'mene ŵ ankamuika pa malo a cizindikiro cina cosagwiritsidwa nchito. Potulutsa mau, cizindikiro cakaleco ndico cimabwera, kapena pamangotsala mpata, ndipo kudziŵa amagawika kukhala kudzi ndi a. Mankhwala ake ndi kusandutsa fayilo yonse kukhala mu mpangidwe umodzi wa Unicode, wochedwa NFC, ndi kuisunga mu UTF-8.

6.4 Mdulamau

Mau a Cinyanja ndi aatali, motero amadulidwa kawirikawiri kumapeto kwa mzere. Akasiyidwa conco, kuphu- ndi nzitsa amalowa mu mndandanda ngati mau awiri. Kulumikiza mau onse odulidwa ndi lamulo limodzi n'kosavuta, koma mabuku ambiri akale ankalemba mau obwereza ndi mdulamau, monga pang'ono-pang'ono ndi kawiri-kawiri. Mdulamau wotere ukagwera kumapeto kwa mzere, makina sangadziwe ngati ndi wa wolemba kapena wa wosindikiza. Wofufuza za kubwereza mau ayenera kuona malo oterewa mmodzimmodzi.

7.0 Mabuku Ojambulidwa ndi Sikana

Cuma cacikulu ca Cinyanja colembedwa cili m'mabuku amene anasindikizidwa makompyuta asanabwere: dikishonale ya Cimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, imene Alexander Hetherwick anaikulitsa mu 1929, Nthondo wa Samuel Josiah Ntara wa 1933, mabuku a NECZAM, ndi zolemba za ophunzira zotaipidwa pa taipi. Izi zikajambulidwa, pamafunika pulogalamu yozindikira zilembo pa cithunzi, nchito imene imadziwika ndi dzina lakuti OCR. Yodziwika kwambiri mwa zaulere ndi Tesseract, imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 ndipo inaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Pulogalamu yotere imaphunzitsidwa pa cinenero cakuticakuti, ndipo ikakaikira cilembo imatsamira ku zimene inazolowera. Yophunzitsidwa pa Cingerezi ikapatsidwa tsamba la Cinyanja imakokera mau ku Cingerezi, imataya kadenga ka ŵ, ndipo imasokoneza m ndi rn, kapena l ndi 1. Kujambula pa madontho 300 pa inci, tsamba litagona bwino, kumacepetsa zolakwa koma sikuzithetsa.

Apa utali wa mau athu umatipweteka. Tiyerekeze kuti makina akuwerenga bwino zilembo 99 pa 100 zilizonse, ndipo zolakwazo zamwazikana mofanana. Pa mau a zilembo 5, pafupifupi mau 5 pa 100 adzakhala ndi colakwa; pa mau a zilembo 10, pafupifupi 10 pa 100; koma pa liu monga sitinawaphunzitse, la zilembo 17, pafupifupi 16 pa 100. Mau aataliwo ndiwo aneni, amene amanyamula nthawi, mwininkhani, pamtherankhani ndi kukana m'liu limodzi. Ndiko kunena kuti zolakwa zimaunjikana pa mbali yomweyo ya cinenero imene ambiri a ife timafuna kuifufuza.

Wina anganene kuti mau olakwika amaoneka kamodzi cabe, motero tingataye mau onse opezeka kamodzi. Pa Cinyanja nzeru imeneyi ndi yoononga. Muzu umodzi monga -on- umabala ndinaona, sakuonana, akadzationetsa ndi ena ambirimbiri, ndipo oculuka mwa iwo amaoneka kamodzi kokha m'buku ngakhale ali olondola. Kuwataya ndi kutaya cimanga pamodzi ndi gaga.

Komabe cinenero comweco cimatipatsa cida coyesera. Maphatikizo a Cinyanja amathera ndi lembo la liu, kotero liu lenileni limathera ndi a, e, i, o kapena u. Tikatulutsa mau onse othera ndi lembo lina, timapeza maina acilendo ndi zofupikitsa zocepa, ndipo otsalawo ndi zidutswa monga ng ndi pang. Momwemonso mau okhala ndi q kapena x, mau okhala ndi nambala pakati, ndi mau a cilembo cimodzi, onse ayenera kukaikiridwa. Kuyesa kotere sikugwira zolakwa za mtundu wa (2), koma kumaonetsa msanga ngati fayilo ili yodwala.

8.0 Kalembedwe Kosiyana

Zikalata zikalowa bwinobwino, pamatsala funso limene si la makina. Cinenero cathu cimalembedwa m'njira zingapo. Ku Malawi, kumene dzina lake linasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968, malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973. Ku Zambia, Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri mu 1977. Taonani kusiyana uku:

(3) Zambia: cinthu, nchito, kuchula
Malawi: chinthu, ntchito, kutchula

Palinso mau ndi mawu, kulila ndi kulira, ku sukulu ndi kusukulu. Nkhokwe yophatikiza zolembedwa za maiko onse awiri imagawa liu limodzi pawiri kapena patatu, ndipo wofufuza amakopeka kuti asinthe zonse ndi lamulo limodzi. Koma ch wa ku Zambia si ch wa ku Malawi: kusintha c aliyense kukhala ch kumabala nchhito, ndipo kusintha ch aliyense kukhala c kumasokoneza kuchula. Dziko limene buku linacokera nalonso silikwanira kutiuza kalembedwe kake, popeza makope akale a Buku Lopatulika, limene linamalizidwa ku Nyasaland mu 1922, ali ndi c monga mwa kalembedwe kathu kuno. Lamulo losinthira liyenera kusankhidwa pa buku lililonse palokha.

Coposa apo, kusiyana kumeneku ndi umboni. Wofuna kudziwa mmene l ndi r agwiritsidwira nchito ndi olemba a ku Chipata poyerekeza ndi a ku Lusaka, kapena pamene ŵ anayamba kuzimiririka m'mabuku, alibe poyambira ngati wina anasalaza kale nkhokwe yonse. Kukonza zolakwa za makina ndi cinthu cina, kusintha kalembedwe ka wolemba ndi cinanso, ndipo ziwirizi siziyenera kucitikira m'fayilo imodzi.

9.0 Ndondomeko

Potengera zimene tafotokozazi, tikupereka ndondomeko iyi kwa ofufuza ndi kwa oyang'anira ophunzira:

(a) Lembani mbiri ya cikalata musanacikhudze: wolemba, mutu, caka, wosindikiza, dziko, kalembedwe, ndi kumene mwacitenga. Ngati mufuna kugawira ena nkhokweyo, pemphani cilolezo kwa mwini buku, pokumbukira lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994.

(b) Dziwani gulu la PDF poyesa kukopera ndime. Ngati mau obisika ali oipa, atayeni ndi kuwerengetsanso zithunzizo.

(c) Tulutsani mau a cikalata conse m'fayilo ya UTF-8, malire a masamba ali osungika, ndipo onetsetsani kuti ciwerengero ca masamba otuluka cikufanana ndi ca buku, ndi kuti palibe tsamba lopanda kanthu.

(d) Cotsani mitu yobwerezedwa, manambala a masamba, mau oyamba a m'cinenero cina ndi zamkatimu. Konzani nkhodolero, ŵ, zilembo zomatana ndi mau odulidwa.

(e) Sankhani masamba angapo kuciyambi, pakati ndi kumapeto, ndipo muwafananize ndi buku liu ndi liu. Ndi bwino kucita izi awiri, wina akuwerenga mokweza, wina akutsatira pa kompyuta. Lembani zolakwa zimene mwapeza pa mau 1,000 alionse, ndipo nambalayo ilowe m'lipoti la kafukufuku.

(f) Sungani mafayilo atatu: PDF yoyambirira, fayilo yokonzedwa koma ya kalembedwe ka wolemba, ndi fayilo ya kalembedwe kofanana ngati kafukufuku akuifuna. Kusintha kulikonse kulembedwe, kuti wina adzathe kubwereza nchitoyo.

(g) Pomaliza lowetsani fayilo m'pulogalamu yosanthulira, ndipo musanakhulupirire mndandanda, werengani mau 100 oyamba. Timau monga ndi, kuti, ku, pa ndi wa ndito tiyenera kutsogola. Mukaona ng kapena mutu wa buku pakati pao, bwererani ku (d).

10.0 Mau Otsiriza

Taona kuti PDF imasunga maonekedwe a tsamba, ndi kuti mau amene pulogalamu imatulutsamo ndi ongopenekera. Taonanso kuti nkhodolero, cilembo ca ŵ, utali wa aneni ndi kusiyana kwa kalembedwe zimacititsa kuti kupenekerako kulakwike kwambiri pa Cinyanja, nthawi zina m'njira yobala mau ena enieni amene sangagwidwe ndi makina.

Nkhani imeneyi siithera m'cipinda ca wofufuza. Kucokera pamene ndondomeko ya maphunziro ya Educating Our Future ya 1996 inatsegula njira yakuti ana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cinenero cimene amacidziwa, olemba mabuku a ana akhala akufuna kudziwa mau ndi maphatikizo oyenera kuyamba nao, ndipo mayankho otere amacokera m'mindandanda. Madikishonale otsatira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 adzadalira nkhokwe. Makina omasulira, monga Google Translate imene inalandira cinenero cathu mu 2014, amaphunzira kucokera ku zolembedwa zimene zilipo. Popeza zolembedwa za Cinyanja pa kompyuta ndi zocepa poyerekeza ndi za Cingerezi, buku limodzi lolowetsedwa molakwika limalemera kwambiri pa sikelo, ndipo nkhokwe ikayamba kukoperedwa kucoka kwa wofufuza wina kupita kwa wina, zolakwa zake zimayenda nayo.

Motero tikupempha kuti madipatimenti athu aphunzitse nchito yokonza mau ngati mbali ya maphunziro a zinenero, ndi kuti oyesa zolemba za ophunzira azifunsa, pa tebulo lililonse la manambala, kuti mauwo anatulutsidwa motani ndipo anafananizidwa ndi buku pa masamba angati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kulowetsa cikalata kumatenga mphindi imodzi. Kuciwerenga poyerekeza ndi buku kumatenga masiku, ndipo masiku amenewo ndiwo amapatsa manambala athu mphamvu yokhala umboni.